Basela wa Bambo Zigoba

Dzina lakuti Zigoba sanachite kulipempha. Linangowamatirira pamodzi ndi fungo limene linalibweretsa. Kwa zaka zambiri bambowa ankagwira ntchito pa fakitale yoswa nkhanu, kumapeto kwa msewu kumene mabasi amatembenukira. M'kati mwa fakitalemo azimayi ankachotsa mnofu n'kumaulongedza m'zitini, ndipo zigoba zonse ankaziponyera kukhomo lakuseri. Ntchito ya a Zigoba inali kuzifosholera m'matumba, kuzikweza pa wilibala, n'kukazikhuthula kudzala. Madzulo akakwera basi, anthu ankasendera okha n'kuwasiyira mpando wonse. Iwo sankakwiya. Ankangotambasula miyendo n'kunena kuti, "Mabwana timayenda chonchi."

Anali munthu wa dzanja lotambasuka, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Anakulira pamsika, pambali pa amayi awo omwe ankagulitsa nyemba ndi mpunga pa kapu. Amayiwo anali ndi lamulo limodzi: kapu yosalaza ndi ya munthu wongodutsa, koma munthu amene umam'lemekeza umam'dzazira mpaka phiri, kenako n'kutapanso kadzanja ka basela. Phunziro limeneli linawalowa m'magazi. Akamathirira mlendo shuga mu tiyi, mlendoyo ankachita kuwagwira mkono. Mnansi akapempha msomali, ankabwera ndi misomali yodzaza dzanja ndi hamala yomwe. Akazi awo, omwe ankaluka anthu tsitsi pakhonde la nyumba yawo, ankadandaulira aliyense wokhala pampando wolukirapo.

"Mwamuna wanga uyu adzapereka ndi denga lomwe, ife tizigona tikuwerenga nyenyezi."

"Kupatsa n'kuika, mayi," a Zigoba ankayankha ali m'nyumba.

"Ndiye munaika kuti? Tiyeni tikatengeko."

Tsiku lina m'mawa, kukhomo lakuseri kuja kunaima kagalimoto kakang'ono. Munatuluka mayi wamfupi, wa nsapato zopanda zidendene, n'kufunsa ngati angapezeko thumba limodzi la zigoba. Mlonda anaseka mpaka kugwira khoma. Mayiwo anali mphunzitsi pa sukulu yaukachenjede ya kumtunda kwa tawuni, ndipo anthu ankawatchula kuti a Dokotala, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. A Zigoba sanafunse zambiri. Anapemphedwa thumba limodzi, iwo anakweza awiri, ndipo kagalimoto kaja kananunkha mpaka nyengo yamvula itatha. A Dokotala anabweranso, n'kumabwerabwera. A Zigoba anayamba kuwatsukira zigobazo n'kuziyanika pa malata akale, popanda wowatuma.

Kenako fakitale inatsekedwa. Makina anapakiridwa pa malole, geti n'kulimanga unyolo. A Zigoba anali atafika pa msinkhu umene olemba ntchito amayamba ayang'ana imvi asanamve moni. Ana awo anali atakula n'kupita kwina, aliyense ndi mavuto ake. Bambowa ankakhala pakhonde tsiku lonse n'kumapatsira akazi awo chipeso, ndipo nthabwala zinayamba kuwathera. Ndi pa nthawi imeneyi pamene a Dokotala anayenda m'timisewu ta m'dera lawo, kufunsa ana kuti, "Bambo a nkhanu aja amakhala pati?" Atawapeza sanazungulire. Ankafuna munthu wowathandiza m'chipinda chawo chofufuzira, munthu wosanyansidwa ndi fungo, wosamala manja. Tsiku loyamba a Zigoba anabwerera kunyumba atavala jasi loyera la kuntchito pamsewu ponse. Akazi awo anaseka mpaka misozi, kenako anakalisita. Kuyambira pamenepo a Zigoba sankatha kutchula a Dokotala popanda kugwedeza mutu. Ankati, "Mayi amene uja ananditola kudzala."

Chipindacho chinali kumapeto kwa khonde lalitali, ndipo kale munkasungidwa matsache. Munali masinki awiri, koma yotulutsa madzi inali imodzi. Munali firiji yong'ung'udza tsiku lonse, sikelo ya m'kabokosi kagalasi, ndi kabati yofunda ngati thupi la munthu. Zigoba tsopano a Zigoba ankakazitolera pa njinga m'malo odyera. Ankazitsuka, kuziyanika, kuzipera, kenako n'kuziviika mu asidi mpaka thovu lileke kutuluka. Akatero ankaziwiritsa mu soda, n'kuziwiritsanso mu soda waukali kwambiri, atavala magolovesi ofika m'zigongono. Pamapeto pake pankatsala ufa woyera, wopepuka, wopanda fungo ngakhale pang'ono. A Dokotala ankautcha kayitosani. A Zigoba ankangoti ufa, ndipo ifenso tiziti ufa. Akausungunula m'madzi owawasa pang'ono ngati viniga, unkasanduka madzi oyera onanda.

Anagwira ntchitoyi kanthawi osadziwa kuti ufawo ngwachiyani. Tsiku lina, akupukuta mabotolo, analimba mtima n'kufunsa.

"M'thupi mwanu, bambo, muli tizipinda tosawerengeka, tosaoneka ndi maso. Timatitcha maselo," anatero a Dokotala. "M'selo lililonse muli ulusi wautali wotchedwa DNA, ndipo pa ulusiwo ndi pamene pali malangizo oti selo lipange chiyani. Anthu ena amabadwa malangizo ena atalakwika, n'kumadwala moyo wawo wonse. Ndiye funso n'lakuti, tingalowetse bwanji kaulusi kolondola m'selomo?"

"Osangobaya jakisoni bwanji?"

"Ulusi ukayenda wamaliseche sufika. Ndi wautali, pakhomo sukwana. Khoma la selo limaukankhanso, chifukwa mphamvu yawo ndi yofanana, ngati mbali zofanana za maginito. Ndiye panjira pali timalumo ta m'thupi timene timaudula. Koma ufa wanuwu ukasungunuka umakhala ndi mphamvu yosiyana ndi ya ulusi. Zikakumana zimakokana. Ufa umaugwira ulusi uja, kuukulunga, kuupindapinda mpaka usanduke kampira kakang'ono zedi. Timalumo sitiufikira, ndipo selo limameza kampirako."

A Zigoba anayang'ana botolo la ufa lomwe linali pa shelefu. "Zonsezi zigoba zanga zija?"

"Zigoba zanu zomwe zija. Koma musakauze anthu kuti tikuchiritsa matenda. Zimenezo zili kutali, mwina ine sindidzaziona n'komwe. Pakali pano ulusi umene tili nawo uli ndi lamulo limodzi lokha, lochokera ku kachamoyo kena kowala ka m'nyanja. Umauza selo kuti liwale mobiriwira. Tikadzaona maselo akuwala, tidzadziwa kuti phukusi lafika."

Kaya a Dokotala ananenanso kuti kampirako kakalowa m'selo kayenera kumasuka, palibe angatsimikize. Iwo amati ananena. A Zigoba amati mwina ananenadi, koma makutu awo anali atadzaza kale. Munthu wakankha wilibala ya zinyalala theka la moyo wake, lero n'kumva kuti zinyalalazo zimatha kunyamula uthenga mpaka m'kati mwa selo, mungamudzudzule kuti sanamve mawu omaliza?

A Dokotala anali ndi makalasi ambiri, moti ankalowa m'chipindamo akuthamanga n'kutulukanso akuthamanga, choko ali m'tsitsi. Choncho anaphunzitsa a Zigoba kuyeza ufa pa sikelo ndi kusakaniza madontho ndi pipeti, kachipangizo kooneka ngati cholembera komwe kamayamwa dontho la muyezo weniweni. Anawaonetsanso njira yodziwira ngati ulusi wagwidwa. Ankaumba kachidutswa ka jeli, koterera ngati sopo wonyowa, kokhala ndi timaenje m'mphepete. Ankadontheza zosakanizazo m'timaenjemo n'kulumikiza magetsi. Ulusi womasuka unkathawa m'dzenje n'kutsetsereka m'jelimo, ndipo pansi pa nyale yapadera unkaoneka ngati mzere wowala. Ulusi wokulungidwa bwino unkangokhala phee m'dzenje mwake.

Ulendo woyamba umene a Zigoba anasakaniza okha, mzere uja unaoneka. A Dokotala anangopumira m'mwamba n'kunena kuti, "Wathawa. Ufa unachepa." Kwa iwo inali nkhani wamba, poti kufufuza n'kuyesayesa, ndipo atafika pakhomo anali ataiwala kale. Anangosintha muyezo pang'ono n'kuthamangira kukalasi. Koma a Zigoba mawu aja anawalasa. Unachepa! Mayi amene anawatola kudzala, amene anawaveka jasi loyera, iwo n'kumupatsa kapu yosalaza ngati munthu wongodutsa? Tsiku limenelo anakwera njinga manyazi ali tho.

M'mawa mwake anaima patsogolo pa sikelo. Manambala atafika pamene a Dokotala ananena, anatapanso kansonga ka supuni n'kuwonjezera. Tsono sikelo imeneyi ndi yoti imamva ngakhale mpweya wa munthu, n'chifukwa chake imakhala m'galasi, ndipo kansonga ka supuni pamenepo si kanthu kakang'ono ayi. Posakaniza anawonjezeranso kadontho kena. Jeli inatuluka yoyera, ulusi uli duu m'dzenje. A Dokotala anawomba m'manja. "Manja anu ndi abwino, bambo." A Zigoba anamva kukoma mpaka kuphazi, ndipo kuyambira tsiku limenelo basela sanaphonyepo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Jeli inkatuluka bwino nthawi zonse, koma maselo sankawala. A Dokotala ankathira timipira tija m'timbale ta maselo, n'kutiika m'kabati yofunda, n'kudikira masiku angapo. Kenako ankatseka makatani, n'kuwerama pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Ankakhalitsa pamenepo, n'kudzuka kukatsegula makatani. Anakayikira madzi, n'kuwasintha. Anakayikira maselo, n'kukapempha ena. Anakayikira magetsi ozimazima, nyale ya makina, ngakhale mutu wawo womwe. A Zigoba okha ndi amene sanawakayikire, chifukwa jeli inkawachitira umboni, ndiponso ankaona okha mmene bambowa ankatsukira botolo mobwerezabwereza ngati akusambitsa khanda. Nawonso a Zigoba, ataona kuti a Dokotala akuwonda, mtima unawapweteka. Anachita chimene ankadziwa kuchitira munthu wovutika: anawonjezera basela.

Ndiye panabwera akuluakulu a sukuluyo, anthu a mataye amene sanatsukepo botolo chibadwire. Anaima pakhomo, osalowa, n'kumayeza makoma ndi maso. Anati chipindacho chikufunika pa ntchito zina, ndipo anadikira mokwanira. Pofika kumapeto kwa mweziwo a Dokotala awaonetse maselo owala. Zikakanika, chipinda chitsekedwe, a Dokotala abwerere ku choko basi. Za a Zigoba sanatchule n'komwe, koma mwiniwake anamva bwinobwino ali pa sinki. Vuto lina linali m'firiji. Ulusi uja anawapatsa mnzawo wa kutali, m'kabotolo kochepa kuposa chala chakanise, ndipo chipindacho chinalibe zipangizo zopangira wina. Tsopano unali utatsala pansi penipeni, wongokwana kuyesera kamodzi. Madzi anafika m'khosi.

Sabata yomweyo a Zigoba anadzipweteka msana potsitsa thumba pa njinga, ndipo Lachisanu sanapite kuntchito. Loweruka masana a Dokotala anafika kunyumba kwawo ndi jumbo ya malalanje. Anawapeza atatsamira khoma pakhonde, pilo ali kumsana, akazi awo akuluka mayi wina amene mutu unali utafika pakati. Atalonjerana, mayi wolukawo anawayang'ana a Dokotala kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Manja awo ankaluka okha, pakamwa n'kumagwira ntchito yake.

"Koma mwatha, a Dokotala. Khosi lonse mitsempha yokhayokha. Musataye mtima, zitheka. Bambo awatu amakukonderani. Tsiku lililonse akafika pano amati, lero ndawaikiranso basela a Dokotala. Ufa uja sakuumirani ayi. Ife kuno shuga amatha sabata isanathe, ndiye inu ndi ndani kuti akumaneni?"

A Dokotala anali atayamba kusenda lalanje. Analeka.

"Basela wanji, mayi?"

A Zigoba anamwetulira mwamanyazi, ngati munthu amene zabwino zake zaululika asanafune. "Aa, mayi awanso pakamwa. Si kanthu, a Dokotala. Ndimangowonjezerako pang'ono sikelo ikakwana, kuti ulusi usathawenso."

"Kuyambira liti, bambo?"

"Kuyambira tsiku lija unathawa."

"Wochuluka bwanji?"

"Poyamba kansonga ka supuni. Nditaona kuti zinthu zikuvuta, ndinawonjezerako."

A Dokotala anaika lalanje pansi n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Palibe anadziwa ngati akuseka kapena akulira, ndipo zoona zake n'zakuti ankachita zonse ziwiri. Mayi wolukidwa uja anayesa kucheuka, koma tsitsi lake linali m'manja mwa eni ntchito.

"Bambo," anatero a Dokotala atapukuta m'maso, "phukusi likafika kwa mwiniwake liyenera kumasulidwa. Ufa ukakwana, umagwira ulusi panjira, n'kukautaya m'kati mwa selo kuti selo liwerenge. Ufa ukachuluka, umaufinya osautayanso. Maselo athu akhala akumeza timipira tija nthawi yonseyi. Uthenga uli m'kati, koma palibe wotha kuumasula."

 Kumwetulira kuja kunazimiririka pang'onopang'ono pankhope ya a Zigoba. Anayang'ana dzanja lawo lamanja ngati la munthu wina.

"Ndalankhula zoipa kodi?" anafunsa akazi awo, mawu ali pansi.

"Ayi mayi, mwatithandiza."

Tisanamizane, a Dokotala anakwiya. Anatsanzika mwachidule, n'kukakhala m'galimoto chitseko chili chotsegula, manja ali pa chiwongolero, osaliza injini. Anaganiza za miyezi yonse ija, za maselo amene anataya, za ulusi umene unathera m'timipira tosamasuka. Anadzikwiyiranso okha, poti sanaimepo n'kamodzi komwe pambali pa sikelo kuona mmene munthu wawo akuyezera. A Zigoba ankaona zonsezi ali pakhonde, ndipo msana anauiwala. Chimene chinkawawawa sichinali kuopa kuchotsedwa ntchito. Chinali chakuti mayi amene anawachitira zabwino zoposa wina aliyense, iwo ndi amene anamugwetsa, ndiponso anamugwetsa ndi chikondi.

Lolemba a Zigoba anafika m'mawa, akuyenda mowerama, jasi lili m'jumbo, lochapa ndi lositidwa. Analiika patebulo n'kuima chapakhomo, chipewa chili m'manja.

"Ndabweza katundu wanu, a Dokotala. Mawu opepesera ndilibe okwana. Mupeze munthu wa sukulu, wodziwa kumvera manambala."

A Dokotala anali akutulutsa timbale m'kabati. Sanacheuke. "Valani jasi, bambo. Maselo akonzeka, ndipo ulusi watsala woyesera kamodzi kokha. Musakaniza ndinu."

"Ine? Ndi dzanja lomweli?"

"Lomwelo."

"Nanga likachitanso zake?"

Apa a Dokotala anatembenuka. Maso awo anali otupa, koma mawu anali okhazikika. "Ndinakwiya, ndipo sindinamalize kukwiya. Koma ndaganiza. Munthu wakuba ufa ndikanam'chotsa. Inu munalakwa chifukwa chondifunira zabwino, ndipo ine ndinalakwa posakuuzani chifukwa chake muyezo uli muyezo. Ndikasakaniza ndekha lero, inu simudzayandikiranso sikelo moyo wanu wonse, ndipo ine sindingathe ntchitoyi ndekha. Mukufuna kundipatsa basela? Ndipatseni ndendende chimene ndapempha. Ndi chovuta kuposa chija."

Anavala jasi. A Dokotala anaima pambali pawo, manja kumbuyo. A Zigoba anatsegula kachitseko kagalasi n'kuyamba kugwetsa ufa pang'onopang'ono, akugogoda supuni ndi chala. Manambala anakwera, n'kukwera, n'kufika. Pa supuni panali patatsala ufa. Kamulu kamene kanali pa sikelo kanali kochepa momvetsa chisoni, koti nkhuku singakaone n'komwe. Dzanja linkafuna kupendeka lokha monga linazolowera kuyambira pamsika paja. A Zigoba analuma mano, n'kubweza supuni, n'kukhuthulira ufa wotsalawo m'botolo. Zinawapweteka ngati akumana mwana chakudya. Thukuta linali litanyowetsa kolala.

"Basi?" anafunsa.

"Basi."

Anasungunula ufawo n'kuusefa. Itakwana nthawi yosakaniza, a Dokotala anatulutsa kabotolo ka ulusi m'firiji n'kuwapatsa m'manja. A Zigoba anayamwa dontho lomaliza, osasiya kanthu, n'kulikumaniza ndi dontho la ufa, limodzi lokha la muyezo. Madziwo sanasinthe mtundu, sanachite thovu, sanaonetse chilichonse. A Dokotala anathira m'timbale n'kutseka kabati.

"Tsopano tidikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Masiku odikirawo a Zigoba anatsuka chilichonse chimene chinali m'chipindamo, ngakhale zotsuka kale. Anakolopa khonde lonse mpaka kumaofesi a anthu osawadziwa. Kunyumba chakudya chinkabwerera m'mbale. Akazi awo nawo anangoti chete, ndipo oluketsa tsitsi anayamba kufunsana ngati mayiwo akudwala, poti mutu wonse unkatha popanda kumva nkhani ya munthu aliyense.

Lachinayi masana a Dokotala anatseka makatani. A Zigoba sanathe kupirira. Anatuluka n'kukakhala pa benchi ya pakhonde, zigongono pamaondo. Ophunzira ankadutsa ndi mabuku awo, akuseka zawo.  Anayamba kukonza m'mutu mawu okauza akazi awo. Kenako chitseko chinatseguka.

"Bambo, lowani."

Anayesa kuwerenga nkhope ya a Dokotala, koma kumbuyo kwawo kunali mdima. Analowa. Pa zaka zonse zimene anapukuta makina aja, anali asanaikepo diso. A Dokotala anawakhazika pampando n'kuwaonetsa potembenuza. Poyamba anangoona mdima ndi nsidze zawo zomwe. Anatembenuza pang'ono. Mumdimamo munatulukira kadontho kobiriwira, kenako kena pambali pake, kenako tambiri, tina towala kwambiri, tina tozirala, tomwazikana mpaka m'mphepete. Sanali maselo onse, koma anali okwanira kuti ngakhale munthu wa tayi asatsutse.

"Awa ndiwo?"

"Ndiwo. Aliyense wowalayo wameza kampira kanu, wakamasula, wawerenga."

A Zigoba anafuna kuonanso, koma zobiriwira zija zinasungunuka n'kukhala chinthu chimodzi. Anachotsa diso n'kupukuta misozi ndi mkono wa jasi.

"Osadonthezera pa galasi, bambo. Mupukuta ndinu nomwe."

Anaseka onse awiri mumdimamo, ndipo kunali kuseka koyamba m'chipindamo pa nthawi yaitali.

Akuluakulu anabwera tsiku lotsatira. Ulendo uno analowa, mmodzimmodzi, aliyense akugwira tayi kuti isalowe m'timbale. A Zigoba anabwerera pa benchi yawo ija. Ankamva mawu okha kudzera pachitseko, mafunso aatali ndi mayankho aafupi a Dokotala. Maselo kuwala anawala, koma mitima ya anthu oterewa ndani amaidziwa? Zinatenga nthawi. Potuluka, akuluakuluwo anadutsa akukambirana zina, ndipo mmodzi yekha ndi amene anawagwedezera mutu. A Zigoba anaimirira n'kudikira.

A Dokotala anasuzumira pakhomo, akuvula magolovesi.

"Mwaimiranji pamenepo, bambo? Mabotolo adzaza m'sinki. Ndipo mukauze anthu a malo odyera aja kuti asatope nafe, chaka chamawa tifuna zigoba zambiri."

Chaka chamawa. A Zigoba anatsegula pakamwa kuti athokoze, koma mawu onse amene ankawadziwa anaoneka ochepa, ndipo a Dokotala anali atanyamula kale mabuku kuthamangira kukalasi. Bambowa analowa, n'kukwinya mikono ya jasi, n'kutsegula mpopi. Anatsuka botolo loyamba misozi ikutsika, osaipukuta, akunena chapansipansi zikomo, zikomo, m'chipinda mopanda munthu.